Chala cha Apongozi Anga pa Pepala la Kampani

Abale ndi alongo, anzanga amene alankhula ine ndisanaime ayamba ndi kolasi. Ine mundikhululukire, mawu oimbira ndinawasiya m'mabotolo. Ndingolankhula basi, ndipo ndikatalikitsa, a tcheyamani, mundikoke shati.

Dzina langa ndine Gidiyoni. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, kuno ku Domasi ndinabwera ndi ukwati. Ndine mkamwini. Ambiri a inu mumandidziwa ndi dzina lina lija, a Dailekitala. Musachite manyazi, ndimamva ndikamadutsa pamsika. Ena muno munagwirapo ntchito pa shedi ya tsabola ija, ndipo anakulembani ndine. Ena ndinamwa nanu. Ndamvanso kuti kwabwera alendo ena akuyeza minda kumtunda uku, ndipo amuna ena muno ayamba kale kusita mataye. N'chifukwa chake ndavomera kuima pano, ngakhale nkhaniyi ndatopa nayo.

Ndinali mphunzitsi wa pulayimale. Mkazi wanga ndi Esinati, mayi a Tiyamike. Apongozi anga aakazi anali ndi munda waukulu wa mpunga kudambo, ndipo ana awo aakazi atatu ankalima m'menemo, aliyense ndime yake. Madzi sankaphwa ngakhale dzuwa la Okutobala livute bwanji. Mwini mbumba anali alamu anga a Mateyu, koma masiku amenewo ankagwira ntchito ku Joni. Ine ndinkalima nawo, ndinkadya nawo, koma munda sunali wanga. Zimenezo zinkandidya mumtima. Munthu wa satifiketi, woimirira pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, koma ikafika nkhani ya munda n'kumakhala chete ngati mlendo.

Ndiye kunabwera kampani ya kutsidya kwa nyanja, yogula ndi kuumitsa tsabola. Bwana amene anamutuma tinkamutchula a Wotchi, chifukwa ngakhale popereka moni maso awo ankakhala pa dzanja. Ankafuna womasulira, ndipo wina anawalozera kusukulu. Ndinayenda nawo m'midzi sabata imodzi.

Tsiku lina m'galimoto ndinawafunsa kuti, "Bwana, dziko lonse lapansili, mwasankhiranji Domasi?" Ndinkayembekeza kumva kuti ndife anthu ansangala. Sananene zimenezo. Anati kwawo tsabola ameneyu samera, ndipo ngakhale akanamera, munthu mmodzi wothyola kumeneko amalandira ndalama zolipira mudzi wonse kuno. Anati kwa zaka ankangogula kudzera mwa mavenda, koma katundu ankafika wonyowa, wina wosakaniza ndi mchenga, ndiye akuluakulu awo anaona kuti bola kubwera okha, kumanga shedi yawo, kuika makina awo, n'kumaona ndi maso awo kuyambira pa mbande mpaka m'kontena. Boma linawalonjeza kuti makina alowa opanda msonkho. Madzi alipo, msewu wa tala uli pafupi. Kenako anandiyang'ana nati, "Gidiyoni, tabwera chifukwa masamu akutheka. Tsiku limene adzakane, tidzapita."

Anandiuziratu, abale. Munthuyo sanandinamize. Koma khutu langa linali litagona pa mawu ena amene ananena pambuyo pake, akuti mlendo zimamuvuta kupeza malo payekha, ndiye atsegula kampani yaing'ono ya konkuno, mwana wa kampani yaikulu ija, ndipo akufuna Mmalawi wokhalamo ngati dailekitala, wokhala ndi kagawo kochepa, amene angawapezere malo a madzi.

Malo a madzi ndinkawadziwa. Ndinkaponda m'menemo Loweruka lililonse.

Pepala la lizi, lobwerekera munda wa apongozi, linati zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinaliwerenga, ndinalimva bwinobwino, Chingerezi chake sichinali chovuta. Ndinkadziwanso kuti apongozi sangalole ngakhale zaka zisanu. Ndiye ndinapita, ndinagwada chapatali monga achitira mkamwini, ndinati, "Amayi, azunguwa akufuna kubwereka munda zaka ziwiri zokha. Akatha atibwezera, ndipo ana anu onse alembedwa ntchito."

Anafunsa kuti, "A Mateyu akudziwa?"

Ndinati, "Ndalankhula nawo pafoni, agwirizana nazo." Sindinalankhule nawo.

Tsono tamverani chimene chimandiwawa kuposa zonse. Apongozi sankalemba, kumafunika chidindo cha chala. Mukudziwa mwambo wathu, mkamwini sagwira dzanja la apongozi ake aakazi. Ndiye ndinapereka inki ndi pepala kwa Esinati. Ndi iye amene anagwira chala cha mayi ake, n'kuchiviika, n'kuchidinda pamene ndinamulozera. Anachita akumwetulira. Mwambo waung'onowo ndinausunga bwino kwambiri, pamene ndikuba munda wawo masanasana.

Amfumu anadinda chifukwa anaona chala cha mwini munda. Maofesi anadinda chifukwa anaona chidindo cha amfumu. Mathirakitala anabwera, anakwirira mbali ya kumtunda ndi miyala, anathira simenti yochindikala, anamanga shedi, anazunguliza waya. Ine choko ndinachisiya osatsanzika bwinobwino kwa ahedi. Anandipatsa njinga yamoto. Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo, wanga unakula mpaka sunkakwananso pakhomo. Azilamu anga aakazi ankasankha tsabola pa shedi, maso akuyabwa, akuyetsemula tsiku lonse, ine ndikudutsa ndi fayilo osawapatsa moni.

Zinayenda nyengo zitatu. Apongozi akafunsa, ndinkati mapepala obwezera akukonzedwa.

Kenako masamu aja anayamba kukana. Ndalama zakunja zinasowa m'mabanki, moti kampani inkalephera kutumiza phindu kwawo, inkalepheranso kuitanitsa zitsulo za makina. Magetsi ankangozima. Jenereta inkafuna dizilo, dizilo ali pa mzere wa masiku awiri. Nyengo ina ya mvula makina anaima sabata yathunthu, tsabola anachita nkhungu, ndipo kontena yonse anaikana kutsidya. Akuluakulu awo, anthu amene sanapondepo Domasi, anakhala pa tebulo n'kuona kuti dziko lina loyandikana nafe lili ndi doko, ndipo ndalama zimatuluka mosavuta. Basi. Malole anabwera, makina anamasulidwa, ngakhale malata a shedi anapita.

Ndinathamangira a Wotchi akukwera galimoto. "Bwana, nanga munda?"

Anati, "Munda tiusunga. Lizi idakalipo. Zinthu zikadzasintha mwina tidzabwerera, ndipo kupeza malo ena kungadzatidyere nthawi. Tisiya mlonda." Anayang'ana pa dzanja, anandigwira chanza, anapita. Mlendo ndi mame.

Alamu anga a Mateyu atabwera kuchokera ku Joni anapita okha ku ofesi ya za malo kukafunsa. Anabwerako ndi kope la pepala lija. Ankhoswe anaitanidwa. Sipanakhale phokoso lambiri. Esinati anangofunsa funso limodzi, "Pamene ndinkagwira chala cha amayi, inu munkadziwa?" Ndinayang'ana pansi. Madzulo asanafike ndinali pamsewu ndi chikwama chimodzi, chifukwa mkamwini akamachoka, nyumba imene anamanga imatsala.

Ku Phalombe sindikanapita, ndikanakawauza chiyani? Ndinachita lendi kachipinda ku Naisi. Za kumeneko ndidule, ambiri mukuzidziwa, njira yake ndi imodzi. Ndinayamba ndi mowa wa m'mabotolo ngati bwana, ndinatsikira ku chibuku, ndinathera pa kachasu. Njinga yamoto ndinaimwa. Nsapato ndinazimwa. Ndinkalembera anthu makalata ofunsira ntchito, malipiro ake kapu imodzi. Anzanga akumowa ankati, "A Dailekitala, tatiuzeni za masheya," ine n'kumawafotokozera ndithu, iwo akugwa ndi phwete. Ndinagonapo m'ngalande ya m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, ana amene ndinawaphunzitsa akundilumpha. Mwana wanga Tiyamike anandionapo pa siteji ya minibasi, anawoloka msewu. Ndinakhala choncho zaka ziwiri ndi miyezi. Manyazi ndinali nawo, musaganize kuti chidakwa chilibe manyazi. Manyaziwo ndi amene ndinkawathira mowa.

Tsiku limene zinatembenuka silinali la pemphero. Ndinamva kuti kuseri kwa dambo kuli mayi wina wotcheza kachasu wotchipa, ndiye ndinanyamuka wapansi m'mamawa. Njira yachidule imadutsa pa waya uja. Ndinali ndisanapiteko chichokereni.

Inali nyengo yowoka mpunga. M'kati mwa waya udzu unali utatalika kuposa munthu, madzi akungoyenda okha, abwinobwino, opanda wowagwiritsa ntchito. Mlonda anali atakhala pakhomo pa kanyumba kake akumvera wailesi. Kunja kwa waya, m'munda wa anthu ena woyandikana nawo, munali amayi asanu ataweramira m'matope, akuwoka. Anali aganyu. Wachitatu pamzere ndinamuzindikira ndi msana, asanadzuke n'komwe.

Ndinafuna kubwerera, koma mnzake anali atamukodola kale. Esinati anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lina pachiuno, lina litagwira mbande. Anali ataonda. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, kumene kunali masilipasi osiyana mitundu.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Tiya?"

"Ndadzuka, kaya inu."

"Tadzuka. Popeza mwabwera, tandithandizani. Paja Chingerezi ndi chanu. Chikwangwani icho chikuti chiyani? Ndimachiona tsiku lililonse."

Chinali pa waya, pafupi ndi mutu wanga. Ndine amene ndinakachilembetsa ku Zomba. Ndinati, "Chikuti malo ano ali ndi eni ake. Wolowa popanda chilolezo adzaimbidwa mlandu."

"Oho," anatero. "Eni ake."

Amayi ena aja anali ataweramanso, akuchita ngati sakumva. Kunkangomveka madzi ndi wailesi ya mlonda.

"Ine kuwoka ndinaphunzirira m'menemo," anatero Esinati. "Ndili kamtsikana, matope akundifika m'mawondo. Lero ndikuwokera anthu, andipatse kambale ka mpunga." Sanakweze mawu, bola akanandilalatira. "Koma zimenezo ndazolowera. Chimene chikunditopetsa ndi amayi. Sitinawauze. A Mateyu anati mtima wawo sungapirire. Ndiye tsiku lililonse amafunsa ngati azungu aja abweza munda, ine n'kumati zatsala pang'ono, amayi. Bodza lanu lija munandisiyira ine. Ndikulisenza ndine, inu muli ku Naisi."

Anaweramanso, anapitiriza mzere wake.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Sindinalire, thupi linalibe madzi olirira. Ndinangomva kutopa kwakukulu, ngati ndakhala ndikuthamanga zaka zonsezo koma ndili pamalo amodzi. Ndinaona kuti nthawi yonseyi ndinkadziona ngati munthu wolangidwa, wogona m'ngalande, wolipira tchimo lake. Koma kugona kwanga m'ngalande sikunabweze ngakhale phazi limodzi la munda. Amene ankalipira anali uyo, m'matope. Kwa mayi wa kachasu uja sindinafike. Ndinabwerera ku Naisi.

Sindikunamizani kuti kuyambira tsiku limenelo sindinalawenso. Masiku atatu oyamba ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma. Eni nyumba anandikweza pa kabaza kupita nane kuchipatala, ndipo adokotala anati kusiya mwadzidzidzi choncho kukanandipha, ndiye amene mukufuna kusiya, yambani mwaonana nawo. Ndinagwanso kawiri. Ulendo wachiwiri ndi pamene ndinabwera m'gulu lino, ndinakhala pa benchi ya kumbuyo uko miyezi itatu osatsegula pakamwa. Ndinasiya kudutsa njira ya kumowa, ngakhale inali yachidule. Ndinayamba kuphunzitsa ana a anthu masamu masana, kuti manja akhale ndi chochita.

Mutu utayera ndinalembera kampani. Ine ndekha sindikanatha kubweza munda, kagawo kanga kanali kochepa, mphamvu inali kutsidya. Ndinalemba kalata yodandaula, ya amayi okalamba, ya njala. Sanayankhe. Ndinalemba ina. Zii. Ndiye ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza monga amaganizira iwo. Ndinakumbukira kuti chaka chilichonse kunkabwera anthu otumidwa ndi masitolo ogula tsabola kutsidya, n'kumafunsa ngati pa shedi pakugwira ana, ngati malo tinawapeza mwachilungamo. A Wotchi ankatuluka thukuta masiku amenewo. Anandiuzapo kuti kampani imaopa zinthu ziwiri, kuluza ndi mbiri yoipa kwa ogula. Munda wongokhala sunkawaluzitsa zambiri. Koma munda wotengedwa mwachinyengo, umenewo sakanafuna kuti ukhale m'mabuku mwawo.

Ndipo munthu mmodzi yekha padziko lapansi ndi amene akanachitira umboni kuti panali chinyengo.

Ndinapita kwa alamu anga. Anandisiya chiimire pabwalo kwa kanthawi asanandipatse mpando. Nditafotokoza kuti ndalemba kalata youlula chinyengo changa, anati, "Alamu, mukudziwa kuti mukudzimanga nokha? Pepala limenelo likafika kupolisi, ndi ndende."

Ndinati, "Ndikudziwa."

"Chabwino. Koma lisanapite kwa azungu, mukaliwerenge m'Chichewa pamaso pa amayi. Mlongo wanga watopa kunama."

Apongozi anali atadwala kale, anawagoneka pamphasa pakhonde. Ndinagwada pamalo omwe aja ndinagwada tsiku la inki. Ana awo onse anali pamenepo. Ndinawerenga zonse, kuti ndinati ziwiri pamene pepala linkati makumi awiri ndi chimodzi, kuti a Mateyu sindinawaimbire, kuti Esinati sankadziwa kanthu. Ndinkaopa kuti mtima uja uima pomwepo.

Iwo anati, "Bambo, ine kalata sindiwerenga, koma mvula ndimawerenga. Yagwa kasanu ndi kawiri chitengereni munda. Ndinkafunsa dala. Ndinkafuna ndione ngati alipo adzandiuze zoona ndisanafe. Mwachedwa, koma mwabwera. Pitani mukautenge."

Ndinalumbira kalatayo kwa loya, ndinaitumiza kutsidya, kope lina ku ofesi ya za malo. Apolisi anandiitana, ndinalemba sitetimenti, ndinagona m'chitolokosi masiku awiri. A Mateyu ndi amene anapita kukanena kuti banja likufuna munda, osati mkaidi. Zotsatira zake zinali maulendo. Zomba, Blantyre, Zomba, bwerani mawa, fayilo sikuoneka, amene amasaina apita ku maliro. Ndalama ya minibasi ikasowa ndinkayenda wapansi mpaka ku Zomba. Panapita chaka ndi miyezi. Yankho la kampani linabwera la mizere inayi, lopanda pepani, lopanda mkwiyo. Linati aunika, aona kuti malowo sakuwafunanso, akubweza. Masamu anali atasintha, basi.

Apongozi anali atamwalira miyezi iwiri kalatayo isanafike. Pa maliro awo ndinakumba nawo manda, ndinakhala kumbuyo.

Tsono inu amene mukusita mataye, sindikuti muwathamangitse alendowo. Pa shedi ija anthu anaphunzitsa ana, ena anafolera nyumba ndi malata, ndipo alimi ena mpaka lero akulima tsabola ndi nzeru zimene anaphunzira pamenepo. Kampani yakunja si mfiti. Koma si m'bale wanunso. Yabwera chifukwa pali chimene yaona, kaya ndi madzi, kaya ndi manja otchipa, kaya ndi msika. Afunseni chimene chawabweretsa, akuuzani, sabisa. Mukatero muwafunsenso chimene chingawachotse, ndi chimene chidzachitike ndi malo tsiku limenelo. Pepala liwerengedwe m'Chichewa, mokweza, pamaso pa eni munda onse, ndipo wowerengayo asakhale amene walonjezedwa njinga yamoto. Ngati munda si wanu, manja anu akhale m'thumba. Pali funso linanso limene palibe anafunsa nthawi yathu ija: mukadzapita, adzachotse simenti ndani?

Chifukwa waya anachotsa, munda unabwerera m'dzina la Esinati ndi abale ake, mbali ya kumunsi akulima. Koma mbali ya kumtunda, imene inali ndime ya Esinati yeniyeniyo, pali simenti ija, yochindikala kufika m'chigongono, ndi miyala pansi pake. Mpunga sumera pa simenti. Thirakitala yoswa ndilibe ndalama yake.

Tsiku limene ndinapereka kalata ya kampani kwa Esinati, anaigwira nthawi yaitali. Ndinalimba mtima ndinafunsa ngati ndingabwerere pakhomo. Anapinda kalatayo, anaimanga pa nsonga ya chitenje, anati, "Ine ndime yanga sindinaione. Mukadzandionetsa dothi, tidzakhala pansi ndi ankhoswe."

Sanalonjeze kuti adzavomera. Anati tidzakhala pansi.

Ndiye ndikukhala m'kanyumba ka mlonda kaja, a Mateyu anandilola. Ndinagula nyundo yaikulu ndi chitsulo chosongoka. M'mawa ndimaswa, masana ndimaphunzitsa, miyala ndimagulitsa kwa omanga nyumba. Tsiku labwino ndimaswa malo okwana mphasa imodzi. Ndatha miyezi khumi, ndipo sindinafike pakati. Masiku ena ndimakhala pansi n'kumayang'ana simenti yotsalayo, khosi n'kuyamba kuuma, ludzu lakale lija n'kubwera. Masiku oterowo ndi amene mumandiona ndabwera kuno pakati pa sabata.

Sabata yatha ndinatukula chidutswa china chachikulu chapakona, ndinachotsa miyala ya pansi pake. Dothi linatuluka lakuda, lonyowa, ndipo pasanapite nthawi madzi anayamba kudzaza m'dzenjemo. Zaka zonsezi anali pomwepo, akudikira.

A tcheyamani, ndathera pomwepa. Pemphero lotsekera mundikhululukire, sindidikira. Mvula yayandikira, ndipo nyundo ndaisiya panja pa chitseko.